Chidakwa ndi Mayi Busa

Yamikani mwana wanga, wandifunsa kangapo pafoni kuti pa magalimoto awiri akale amene wawaona ku Lilongwe ugule iti: yokoka ndi mawilo awiri akumbuyo, kapena ya folo bayi folo imene imakoka ndi onse anayi. Ukuti ndikuyankhe mwachidule chifukwa mayunitsi amatha. Ine ndinagwira chiwongolero zaka zonse za mphamvu zanga, ndiye yankho lachidule ndilibe. Ndalemba pano kuti uwerenge pamodzi ndi azichemwali ako, popeza mbali iyi ya moyo wanga simunaione. Inu munkangoona bambo wofika pakhomo ali matope mpaka m'mawondo, akununkha dizilo.

Rumphi, zaka zoyamba

Nditalembedwa ntchito ya udalaivala ndinkayembekeza kuti anditumiza ku Balaka kapena ku Dedza, kufupi ndi kwathu ku Ntcheu. Ananditumiza ku Rumphi, ku ofesi yoyang'anira sukulu. Ndinatsika basi pa boma ndi sutikesi imodzi, Chitumbuka ndisakuchidziwa ngakhale moni wake. Woyamba kundilandira pabwalo la ofesi anali a Mhango, dalaivala wamkulu, bambo wamfupi wa ku Mhuju amene ankavala tayi ngakhale posintha tayala. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ankayenda ngati munthu wonyamula mbale ya chopereka nthawi zonse. Anandiyang'ana nsapato, anandiyang'ana manja, kenako anati, "Mwafika makora, a Chikafa. Kuno misewu ilibe ulemu, ndiye ulemuwo muzibwera nawo nokha." Kuyambira tsiku limenelo tinagwira ntchito limodzi mpaka iwo anapuma, ndipo sindikumbukira mwezi umene unatha tisanakangane.

Magalimoto anasintha kangapo m'zaka zimenezo, koma awiri amene ndikufuna kukuuza anabwera kuchokera ku likulu ali otopa kale, ena atawakwera mpaka kukhuta. Onse anali a dizilo, onse a denga lalitali ndi chitseko kumbuyo. Yoyamba inali yaitali, yolemera, ya folo bayi folo, ya mabenchi m'mbali ndi kaliyala wachitsulo pamwamba. Inkamwa mafuta mopanda manyazi, ndiye tinaitcha Chidakwa. Yachiwiri inali yaifupi pang'ono, yokoka ndi mawilo akumbuyo okha, ndipo inkangonyambita mafuta ngati munthu womwa tiyi pamaso pa alendo. A Mhango ndiwo anaitcha Mayi Busa. Monga wamkulu, iwo anatenga Chidakwa, ine n'kutsala ndi Mayi Busa, ndipo ndinawakonda mayiwo kuposa mmene munthu amayenera kukondera chitsulo.

Kusiyana kwa kamwedwe kawo si nkhani yamatsenga. Galimoto ya folo bayi folo imanyamula zitsulo zambiri kunsi: giyabokosi yachiwiri, shafuti yopita kutsogolo, ndi zina zimene inzakeyo ilibe. Zonsezo ndi kulemera, ndipo kulemera kumalipidwa ndi mafuta, kaya uli pa matope kaya uli pa tala. Tikapita ku Mzuzu tsiku limodzi, titathira mofanana, Mayi Busa ankabwerera pa boma kamuvi ka mafuta kali m'mwamba, pamene ka Chidakwa kali pansi kakupempha madzi akumwa. Izi sitinkatsutsana. Chimene tinkatsutsana chinali mahabu.

Pakati pa wilo lililonse lakutsogolo la Chidakwa panali kachitsulo kozungulira kamene timati habu. Ukaikhoma, wilo limagwirana ndi zitsulo za m'kati, galimoto n'kukhala yokonzeka kukoka ndi mawilo onse anayi. Ukaimasula, wilo limayenda lokha, zitsulo za m'katizo zimapuma, mafuta n'kumapita pang'ono. Vuto lake n'lakuti sungachite zimenezi uli pampando. Umayenera kutsika, kugwada pambali pa wilo, kupotokola ndi dzanja, kenako kuzungulira mbali inayo. Ine ndinkati dalaivala azikhoma akafika pa matope, azimasula akafika pa tala. A Mhango anali ndi lamulo lawo: mvula yoyamba ikangogwa ankakhoma mahabu, n'kudzawamasula pa Isitala. Ankati matope a m'mapiri sagogoda pofika, ukamatsika kuti ukhome ndiye kuti watitimira kale. Ndikawakakamiza kwambiri ankakonza tayi yawo n'kundiuza kuti iwo amagwada m'tchalitchi mokha.

Zaka za mabwana osiyanasiyana

Mabwana amabwera ndi kupita, dalaivala amatsala ndi msewu. Tinali ndi bwana wina amene ankafuna Chidakwa paliponse, ngakhale popita ku positi ofesi imene munthu akanafika wapansi tiyi asanazizire. Ankachikonda chifukwa chinali chachitali, anthu ankamuona bwino akakhala kutsogolo. M'nthawi yake mafuta a mwezi ankatha mwezi uli pakati, ndipo tinkakhala pansi pa mtengo kumasewera bawo. Atachoka iyeyo kunabwera wina wosiyana naye kotheratu, wokonda kusunga. Uyu anaona kuti Mayi Busa samwa, ndiye anaganiza kuti angapite kulikonse kumene kuli sukulu.

Ndi bwana ameneyu amene ananditumiza ku Kazuni mvula itagwa usiku wonse. Ndinamuuza kuti njirayo siifuna Mayi Busa, koma anati ndikuchita mantha. Tinatitimira pamalo otsika tisanafike pa sukulu, mawilo akumbuyo akungozungulira, akuponya matope kumwamba. Tinadula nthambi, tinakumba, anthu a m'mudzi anakankha, bwanayo ali pambali akuteteza mafayilo ake ku mvula. Pamene tinkatuluka, mafuta amene tinawotcha pamalo amodzi aja anali okwanira kuti Chidakwa chipite ndi kubwerera. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti galimoto yosamwa ikatitimira imamwa kuposa chidakwa chilichonse, ndipo sufika kumene ukupita.

Ku Chelinda, kumene kunali kasukulu ka ana a ogwira ntchito m'paki ya nyama zakutchire, ndinkapita ndi a Mhango pa Chidakwa, tikusinthana chiwongolero. Kumeneko ndiye unkachita kukaona kamuvi kakutsika pamene galimoto ikukwawa m'zitunda ndi giya yaing'ono, chifunga chili tolo, manja atauma ndi kuzizira. Koma sichinatisiye panjira ngakhale kamodzi. Tikafika pamwamba a Mhango ankachisisita pa boneti n'kunena kuti chidakwa chimene chimafika kunyumba n'chabwino kuposa mayi wosamwa amene wagona m'ngalande. Ine ndinkayankha kuti tikabwerera pa tala atsike amasule mahabu. Sankatsika.

2011, chaka cha mizere

Chaka chimenecho ukuchikumbukira, unali ku sekondale. Mafuta anasowa m'dziko lonse. Tinkapita ku Mzuzu kukaima pamzere chifukwa cha mphekesera yakuti thanki ikubwera, n'kubwerako manja lende, titawotcha ngakhale ochepa amene tinali nawo. Mavenda ankagulitsa wa m'zigubu kuseri kwa magolosale, koma wambiri anali wosakaniza ndi parafini, ndipo ofesi sinkalola kuti tithire zoterozo. Bwana wathu nthawi imeneyo anali Mayi Makwinja, a ku Zomba, mayi wolankhula pang'ono, wachilungamo, amene sankabwereza mawu kawiri. Anatiitana tonse awiri, natifunsa kuti galimoto iti imapita kutali ndi mafuta ofanana. A Mhango anayang'ana kudenga. Ine ndinayankha zoona. Tsiku lomwelo makiyi a Chidakwa analowa m'chikwama cha madamu, ndipo dizilo aliyense amene ankapezeka ankasungidwa mu diramu m'stolo, kuti azimwa Mayi Busa okha.

Chidakwa chinaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku za mlonda zinayamba kuikira kunsi kwake. Ine ndinali mfumu ya msewu, ndipo ndinali ndi chifukwa chodzitamira: miyezi yonse ya chilimwe ndinafikitsa mabuku, choko ndi oyendera sukulu kulikonse kumene fumbi linkalola, ndi mafuta amene Chidakwa chikanangotsukira m'kamwa. A Mhango ankabwerabe m'mawa uliwonse atavala tayi, n'kutsuka galimoto yosayendayo, n'kuiliza pang'ono ndi kiyi wa sipeya kuti batire isafe. Mvula yoyamba itagwa ndinawapeza atakhoma mahabu a galimoto imene inali isanasunthe kwa miyezi. Ndinaseka mpaka misozi, koma ndinawamveranso chisoni, chifukwa dalaivala wopanda msewu amakalamba msanga.

Febuluwale wa chaka chotsatira

Uthenga unafika m'mawa kuti aphunzitsi a Kafere, a pa sukulu ina ya ku Nchenachena, amwalira atadwala masiku ochepa. Anali a ku Dedza, mudzi wa kupitirira Linthipe, ndipo ndinkawadziwa bwino chifukwa tinali ochepa olankhula Chichewa cha kwathu kumtundako. Ndikapita kusukulu kwawo ankandisungira nthochi ndi khofi, tinkacheza za mbatata za kwathu. Anasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono. Mwambo wa ntchito yathu unali wodziwika: wantchito akamwalira kutali ndi kwawo, ofesi imamunyamula kukamutula kumudzi. Akulu a mpingo wa ku Nchenachena anatumiza mawu kuti ngati mafuta avuta, iwo ali okonzeka kumuika m'manda awo, popeza anaphunzitsa ana awo zaka zambiri. Koma Mayi Kafere anakana. Anati amayi a malemuwo ali moyo, ndi okalamba, sangakwere basi, ndipo ayenera kumuona mwana wawo.

Mu diramu munali dizilo wochepa. Ndinamuyeza ndi ndodo, ndinamuyezanso, ndipo mutu wanga unandiuza zomwe madamu nawonso anaziona: Mayi Busa akanafika naye ku Dedza n'kutsalako pang'ono, Chidakwa ayi. Koma mvula inali itagwa sabata yonse, ndipo msewu wa ku Nchenachena masiku amenewo unali dothi lofiira loterera, lokwera ndi kutsika. Mayi Busa sakanakwera, ndipo ndinanena zimenezo ndisanafunsidwe, ndikukumbukira za ku Kazuni. Tinagwirizana chonchi: a Mhango atenge Chidakwa ndi mafuta ongokwanira phirilo, akwere masana omwewo ndi bokosi limene tinagula pa boma, agone pa maliro, m'mawa atsike nawo. Ine ndikawadikire pa mphambano ya Njakwa, pamene dothi limakumana ndi tala, tikasamutsire bokosi mwa Mayi Busa. Madamu anatulutsa makiyi m'chikwama. A Mhango anawalandira ndi manja awiri, nathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, ngati munthu amene wapatsidwa mwana wake wotayika.

M'mawa mwake ndinaima pa mphambano paja kukuwaza kamvula. Ndinali nditapinda mipando yakumbuyo ya Mayi Busa ndi kukonza chingwe, chifukwa galimotoyo inali yaifupi: bokosi likanalowa, koma chitseko chakumbuyo sichikanatsekeka bwino, chikanafunika kumangidwa. Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva kulira kwa Chidakwa, kenako ndinachiona chikutsika, chofiira ndi matope mpaka pa magalasi. M'kati munali bokosi pakati pa mabenchi, Mayi Kafere ndi ana awo mbali imodzi, mbali inayo a Chavula, mkulu wa mpingo amene anatumidwa kukaperekeza maliro. Pa kaliyala anali atamangapo matilesi ndi mitolo ya ziwiya. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, ndinapepesa, n'kufotokoza kuti tsopano tisamukira m'galimoto inayo. Mayi Kafere anayang'ana Mayi Busa, anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwanga, kenako anaika dzanja lawo pa bokosi.

"Bambo Chikafa," anatero motsitsa mawu, "amuna anga anabwera kuno pa mabasi atatu, akusinthidwa m'madepoti ngati thumba la chimanga. Pobwerera musawasinthenso. Akwera pakhomo pawo ndi pemphero, akatsike pakhomo pa amayi awo."

Ndinawafotokozera za mafuta mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Anamva, sanatsutse, koma dzanja silinachoke pa bokosi. A Chavula anayesa kuthandiza, nati malo ku manda a mpingo akadalipo, munthuyu ngwawo chomene, ngati mbale wawo weniweni, atha kubwerera naye kuphiri. Mayiwo anangopukusa mutu. Panali anthu odikira minibasi pansi pa khonde la golosale, onse akutiyang'ana. Ndinaona m'maganizo mwanga tikutsitsa mnzanga m'matope a pamphambano, pamaso pa anthu osamudziwa, n'kumumanga ndi chingwe ngati mbuzi ya pamsika, ana ake akuona. Mtima wanga unakana. Ndinapita pambali n'kuimbira madamu.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "A Chikafa, Chidakwa sichifika ku Dedza ndi mafuta amenewo. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Chikakuzimirani m'nkhalango ya Chikangawa muli ndi maliro, mudzatani?"

Funso limenelo linali loona. Thupi silidikira, ndipo galimoto yodutsa yoti n'kutithandiza masiku amenewo inali yosowa. Koma ndinkadziwanso chinthu chimodzi: palibe amene anali atayendetsapo Chidakwa ulendo wautali pa tala m'nyengo ya mvula mahabu ali omasula, kaliyala atachotsedwa, phazi lili lopepuka. Mbiri yake yonse ya uchidakwa inapangidwa chili chokhoma kapena cholemedwa. Sindinkati chisanduka Mayi Busa, ayi. Ndinkati mwina, mwina, chifika.

"Ndikupita nacho, madamu. Mlanduwo ukhale wanga."

"Sindinakuloleni. Mumve bwino, sindinakuloleni," anatero. Ndiyeno anawonjezera kuti ndiziwaimbira paliponse pamene pali netiweki.

Ndinatenga payipi, ndinayamwa dizilo yense mwa Mayi Busa mpaka dontho lomaliza, n'kumuthira mu Chidakwa. Kukoma kwake ndinakumva m'kamwa mpaka tsiku lotsatira. Tinamasula kaliyala ndi katundu wake yense, tinatsitsa tayala lachiwiri la sipeya, majeke olemera ndi tcheni chokokera, zonse tinaziika mwa Mayi Busa, n'kupempha mwini golosale kuti awayang'anire mpaka a ku ofesi atabwera. Chinatsala chinthu chimodzi. Ndinayamba kupinda thalauza langa kuti ndigwade pa wilo, koma a Mhango anandigwira paphewa. Anali atavala suti yawo yakuda ya pa maliro, imene ankaisunga ngati dzira. Sanayale kanthu pansi. Anagwada m'matope ofiira aja, anapotokola habu yakumanja, anazungulira, anagwadanso, anapotokola yakumanzere. Atadzuka anandipatsa makiyi.

"Yendetsani ndinu, a Chikafa. Phazi langa ndi lolemera," anatero. Isitala inali ikadali kutali.

Sindinayendetsepo galimoto mosamala ngati tsiku limenelo. Ndinatseka magalasi onse, ndinalowa giya yapamwamba msanga, ndinaponda moto pang'onopang'ono ngati pansi pa phazi pali mwana wa nkhuku. Sindinathamange, sindinachedwe, ndipo mabuleki ndinkawagwira pokhapokha pofunika. Pa Ekwendeni ndi pa Mzuzu tinadutsa mizere ya magalimoto ozima, eni ake atakhala pa maboneti. Zitunda za Chikangawa zinadya mafuta mmene ndinkaopera, ndipo pamene tinkatsikira ku Jenda kamuvi kanali katadutsa kale pakati. Palibe amene ankalankhula za iko, koma aliyense ankakayang'ana, ngakhale a Chavula amene sanagwirepo chiwongolero. Pa Kasungu ndinaima pa filing'i siteshoni, a Mhango anatsika kukachonderera kuti tili ndi maliro. Wogulitsayo anavula chipewa, anatsegula manja ake awiri, nawaonetsa pampu youma. Ndinaimbira madamu. Anangofunsa pamene kamuvi kali, ndinawauza, anati Mulungu atitsogolere.

Kuchokera pa Mponela ndinkayang'ana kamuvi pafupipafupi. Mu Lilongwe ndinapemphera kuti maloboti atipeze obiriwira, chifukwa kuima ndi kunyamukanso ndiko kumamwa kwambiri. Titadutsa Nathenje kanyali ka mafuta kanayaka. Mwana wamng'ono wa malemuwo anafunsa amayi ake kuti kanyali kofiirako n'kachiyani, a Mhango anamuuza kuti galimoto ikuona kwawo. Anayamba kuimba nyimbo ya mpingo m'Chitumbuka, motsitsa, a Chavula anawathandiza, Mayi Kafere analowa m'Chichewa, nyimbo yake yomweyo. Ine sindinaimbe. Ndinkamvetsera injini, ndikudikira kutsokomola koyamba. Tinawoloka Linthipe dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo patsogolo pang'ono mayiwo anandilozera njira ya dothi yolowera kumanzere.

Njirayo inali yonyowa koma yolimba, ndipo a Mhango sananene kanthu za mahabu. Tinayenda pakati pa minda ya chimanga, tinakwera kachitunda, ndipo pamwamba pake Chidakwa chinatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinachisiya kuti chitsetsereke chokha mpaka pamene chinaima. Kunali zii. Kenako, injini itakhala chete, tinamva zimene phokoso lake linkatibisira: nyimbo ya maliro, amayi akuimba kuseri kwa mitengo ya bulugama. Mudzi unali pomwepo, madenga ake tikuwaona.

Amuna a m'mudzimo anabwera akuthamanga. Atamva kuti mafuta atha, anati palibe vuto, anyamula bokosi pamapewa, ndipo awiri anagwira kale chitseko chakumbuyo. A Mhango anatsika, naima kutsogolo kwa chitsekocho, bambo wamfupi wa tayi, mawondo onse awiri ali ndi matope ouma a ku Rumphi.

"Yayi, adada. Munthuyu satsikira panjira. Kankhani galimoto," anatero.

Anthu aja anayang'anana, kenako anayang'ana Mayi Kafere pagalasi, ndipo anamvetsa. Anagwira kumbuyo ndi m'mbali, ena anabwera kuchokera m'minda, a Mhango ndi a Chavula nawonso anaika mapewa. Ine ndinatsala pa chiwongolero cholimba cha galimoto yozima, ndikuwongola pakati pa amayi amene anapatuka uku ndi uku akuimba. Chidakwa chimene chinkamveka chikadali kutsidya kwa mtsinje chinalowa m'mudzi mopanda phokoso, ndipo chinaima pakhomo penipeni pa nyumba ya njerwa zosawotcha. Pakhondepo panali mayi wokalamba kwambiri, atagwiriziridwa ndi anzake. Mayi Kafere atatsika n'kugwada pamaso pawo, gogoyo anawagwira kumaso ndi manja onse awiri, nafunsa ngati mwana wawo wavutika panjira.

"Ayi, amayi. Mmene anakwerera pakhomo pake ndi mmene wafikira pakhomo panu," anayankha.

Ndinatsamira pa chiwongolero n'kulira, ndipo sindichita manyazi kukuuza zimenezi. Mawa lake kumanda a Mhango anaima pakati pa akuluakulu a mudziwo ndi suti yomwe ija. Mayi wina anawabweretsera madzi ndi kansalu kuti apukute mawondo, iwo anathokoza n'kukana.

Tinakhala m'mudzimo mpaka ofesi inzathu ya ku Dedza itatipezera dizilo wobwererera, ndipo a Mhango anadya mbatata ya kachewere mpaka anayamba kuyamikira Achewa. Titafika ku Rumphi madamu anandidzudzula pamaso pa onse, monga mwa lamulo, chifukwa ndinatulutsa galimoto m'boma popanda chilolezo. Ndinavomera, popeza anali ndi chifukwa: kachitunda kamodzi kokha kakanawonjezereka m'mbuyo, nkhaniyi ikanakhala ina. Makiyi a Chidakwa anabwerera m'chikwama, Mayi Busa anabwerera pa msewu. Koma madamu sanandichotsere ngakhale tsiku limodzi la tchuthi, ndipo katundu wa Mayi Kafere anamutumiza okha ku Dedza mafuta atayamba kupezeka.

Lero

Tsono yankho lako ndi ili, ndipo ndikulinena mosakayika. Pa magalimoto akale, yokoka ndi mawilo awiri imamwa pang'ono, ndipo palibe luso la dalaivala limene lingasinthe zimenezo. Tsiku lija ndinachita zonse zimene ndimadziwa, koma Chidakwa chinazimabe pamene Mayi Busa akanafika n'kutsalako. Iwe umakhala ku Lilongwe, ulendo wako ndi wa kuntchito, kutchalitchi ndi kuno ku Ntcheu pa tala. Gula ya mawilo awiri, usamalipire zitsulo zimene sudzazigwiritsa ntchito. Koma ngati ntchito idzakutumiza kumene inanditumiza ine, kumene anthu amakhala pamwamba pa phiri ndipo mvula siifunsa kuti mwakonzeka, udzagule inayo, ndipo usadzadandaule za ludzu lake.

A Mhango anamwalira chaka chatha. Ndinapita ku Mhuju kukawaperekeza, ndipo mwana wawo wamkulu ananditengera kuchipinda kukandionetsa suti imene bambo ake anasankha okha kuti adzawaveke. Inali yakuda ija. Inali itachapidwa kambirimbiri m'zaka zonsezi, koma dothi la ku Njakwa silichoka msanga: pa mawondo onse awiri panali pofiirira pang'ono. Mwanayo anapepesa, nati anayesa kuwauza kuti agule ina, iwo anakana osanena chifukwa, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa kumene anaidetsera. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndinalipo, ndipo awaveke yomweyo.